Ulendo wa kalabu ku Dzalanyama: m'bokosi la makaniko mulowe chiyani?

Wa ku Mchesi: Akuluakulu, mwaswera bwanji m'mashedimo. Ndabwera ndi nkhani. Kalabu ina ya opalasa njinga kuno ku Lilongwe yandipatsa ganyu yoti ndikhale makaniko pa ulendo wawo wa chaka ndi chaka. Anyamuka m'tauni m'mamawa, kudutsa Chinsapo, Likuni, kenako msewu wafumbi mpaka kunkhalango ya Dzalanyama, kukagona konko. Ine ndizikhala m'pikapu pambuyo pawo. Vuto ndi lakuti njinga zawo si zofanana. Ena ali ndi zija za handulo yopindika koma matayala onenepa, ena mountain bike, ena za kaunjika za ku Japan, wina akuti abwera ndi Buffalo. Ndalama yogulira masipeya andipatsa yochepa. Ndigule chiyani, ndisiye chiyani?

Madala a ku Biwi: Mwana wanga, usanagule kanthu, njingazo waziona ndi maso?

Wa ku Mchesi: Ayi madala, angonditumizira mndandanda pa WhatsApp. Alemba saizi za matayala, kuti ena 26, ena 27.5, ena 28, ena 29, ena 700.

Madala a ku Biwi: Mndandanda umenewo ukupweteketsa. Mwini njinga sadziwa tayala lake, amadziwa mtundu wa penti basi. Auze aliyense ajambule m'mbali mwa tayala pamene pali manambala awiri okhala ndi kamzere pakati, monga 40-622 kapena 54-559. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu, zonse m'mamilimita. Imeneyo ndiye siinama.

Wa ku Joni: Madala alasa. Ndionjezere pang'ono poti kushopu komwe ndimagwira kuno ndi zimene timalimbana nazo tsiku lililonse. 700 ndi 29 limu yake ndi imodzi, 622, kusiyana kwake ndi kunenepa kwa tayala chabe. 27.5 ndi 584. 26 ya mountain bike ndi 559, ndipo Buffalo ili m'gulu la 26 lomwelo. Tsono chenjera ndi 28. Ili pawiri. Ya njinga zathu zakuda zakale zija, za 28 x 1½, limu yake ndi 635. Koma matayala ena ochokera ku Ulaya amalembedwa 28 pomwe ndi 622. Ukagula tayala la 635 pamsika n'kukaliveka pa limu ya 622, lingolowa lokha osavuta, iwe n'kusangalala, koma ukangopopa lifwamphuka.

Wa ku Mchesi: Ndiye kuti ndigule machubu a saizi zonsezo? Ndalama ija ithera pomwepo.

Mayi wa ku Area 25: Ayi achimwene, chubu ndi labala, chimatamuka. Tayala ndi limene silikhululuka. Gulani machubu a 27.5 ochulukirapo. Chimenecho mukachikoka pang'ono chimalowa mu 29, ndipo mukachiyala bwino osachipinda chimakhala mu 26. Si chokhalitsa miyezi, koma munthu afika nacho kunkhalango. Kenako gulani owonda a 700 oyenera matayala a mamilimita 35 mpaka 45, a njinga za handulo yopindika zija. Magulu awiri basi. Mwini Buffalo mumuuze abwere ndi chake, n'chosasowa.

Chachiwiri, vavu. Tengani machubu a vavu yowonda ija ya Presta okhaokha. Bowo la Presta pa limu ndi laling'ono, cha m'ma mamilimita 6.5, pomwe la vavu ya galimoto ndi cha m'ma 8.5. Ndiye yowondayo imalowa konsekonse, mungomanga kanati kake kuti isamagwedere, pomwe yonenepayo pa bowo laling'ono siilowa. Ndipo vavuyo ikhale yaitali, mamilimita 60, chifukwa malimu ena ndi akuya. Vavu yaifupi imangosuzumira, pampu osaigwira.

Wa ku Likuni: Bowo laling'ono si nkhani, timaboola ndi dililo. Ine ndaboola ambiri.

Wa ku Joni: Achimwene a ku Likuni, pa limu yachitsulo ya kabaza boolani, palibe akumangeni. Koma pa gulu limeneli mupezamo malimu a carbon, amene mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Dililo isayandikire.

Wa ku Likuni: Chabwino bwana wa ku Joni, tamva. Koma ine ndimakhala m'mbali mwa msewu umene akudutsawo, ndiye pamenepa mundimvere ine. Tala akangotha, msewuwo nyengo yopanda mvula umakhala ndi timizere topingasa tija ta mabampu, kenako mchenga m'malo otsika, kenako miyala yosongoka. Chimene chimaphwetsa matayala kwambiri si minga ayi. Ndi kumenyetsa limu pamwala mpweya uli wochepa. Ukatulutsa chubu upeza timabowo tiwiri toyandikana ngati yaluma njoka. Ukaona choncho usataye nthawi kufufuza munga m'tayala, mulibe. Mata, popa kwambiri, uzipita.

China, msewu umenewo ndi wa anyamata a makala. Amachokera kunkhalango atasanja matumba mpaka kupitirira mutu, ndipo m'mamawa ndiye amakhala akulowera kutauni, kukumana nanu maso ndi maso. Njinga yolemedwa choncho pamtsetse siima. Uwauze a kalabuwo kuti wopatuka ndi iwowo. Ndanena izi chifukwa limu yopindika pogundana ndi yovuta kuiwongola kutchire kusiyana ndi chubu choboola.

Wa ku Zomba: Nkhani ya mpweya ndiyo ndimafuna kulowapo. Anthu a kalabu ambiri amawerenga pa intaneti kuti pa msewu wamiyala mpweya uzikhala wochepa, ndiye amaphwetsa. Zimenezo ndi zoona kwa amene matayala awo alibe chubu. Tayala la 40 lopanda chubu, munthu wa thupi lapakatikati, mpweya wa 30 mpaka 40 psi pa geji ya pampu zimayenda bwino. Koma wa chubu akatsanzira zimenezo ndiye timabowo tiwiri tija. Wa chubu umuwonjezere. Wonenepa umuwonjezerenso, makamaka kumbuyo. Ukhale ndi pampu ya geji, zopanikiza ndi chala zija pano sizigwira.

Wa ku Mchesi: Apa ndiye mwandifikitsa pamene ndimaopa. Za matayala opanda chubu ine ndimangozimva. Ndinagwirako limodzi, madzi oyera aja anandithira pamalaya. Likaphwa kutchire ndichite bwanji?

Wa ku Joni: Khala pansi ndikuuze, poti apa ndi pamene amakaniko ambiri amachita manyazi pamaso pa kasitomala.

Madzi oyerawo ndi amene amatseka bowo munga ukalowa. Koma amauma. Kukamatentha miyezi ingapo yokha amakhala atasanduka chimphumphu cha labala m'katimo. Mwini njinga sadziwa, amangoti tayala langa siliboola. Ndiye sabata yaulendo isanafike, chotsa wilo, uligwedeze pafupi ndi khutu. Ukamva kuti khuchukhuchu, alimo. Kukakhala zii, masula kamtima ka vavu, uthiremo ena ndi sirinji yopanda singano, mamililita 60 pa tayala la 40, a mountain bike cha m'ma 100.

Panjira likaboola ndipo madzi akufwefwenthera kunja, usachotse wilo. Zungulitsa kuti bowolo liloze pansi, dikira pang'ono. Likakana, baya ndi kachingwe komata kaja. Ngati tating'ono ta njinga sutipeza ku Lilongwe, gula tija amamatira matayala a galimoto, utidule m'litali pawiri kapena patatu ndi lezala. Timagwira.

Chubu ndi njira yomaliza. Ndipo apa mvetsera bwino. Tayala limene layenda miyezi lopanda chubu limakhala ndi minga yambiri yobisala, imene madzi aja anaitsekera mwini wake osadziwa n'komwe. Ukangoikamo chubu osaichotsa, sipatha mtunda, chaphwa, ndipo anena kuti makaniko ndi wachabechabe. Pukuta madziwo, yendetsa kansalu m'kati mwa tayala lonse mozungulira, pamene kakodwa pali munga, zula ndi pulayala. Usagwiritse chala chopanda kanthu, nthawi zina ndi kagalasi. Pulayala yomweyo ikuthandizanso kumasula kanati ka vavu yakale, kamakhala katagwirana ndi madzi ouma.

Madala a ku Biwi: Zamakono izi. Ife tinkadula tayala lakutha, kuchotsa mawaya a m'mbali, n'kuliyala m'kati mwa linzake. Njinga imalemera koma minga imalephera.

Mayi wa ku Area 25: Madala, nzeru yanuyo sinathe ntchito. Achimwene a ku Mchesi, dulani zidutswa zingapo za tayala lakale zazikulu ngati chikhatho, muike m'bokosi. Mwala ukang'amba tayala m'mbali, chidutswa chimenecho mumachiika m'kati pong'ambikapo, kenako chubu. Popanda chimenecho chubu chimatuzuka pang'ambapo n'kuphulika.

Koma ine ndikuona kuti tonse tathamangira matayala. Chimene chidzakusowetseni mtendere ndi tizitsulo ting'onoting'ono timene simungatipeze pa grosale. Kolumikizira tcheni kamasiyana malinga ndi magiya akumbuyo: ka 9 sikagwira pa 11, ka 11 sikagwira pa 12. Ndiye pamene akujambula tayala, awerengenso mano akumbuyo ali mizere ingati. Nanga kachitsulo kofewa kaja kamene kamagwira derailleur, chosinthira magiya akumbuyo chija, ku felemu? Kanapangidwa dala kuti kazipindika kapena kuthyoka njinga ikagwa, kuti felemu ipulumuke. Felemu iliyonse ili ndi kakekake. Inu simungagule ta onse. Lembani pagulu lawo kuti aliyense amene ali nako kapadera abwere nako m'thumba.

Wa ku Mchesi: Nanga kakathyoka munthu alibe kena?

Wa ku Zomba: Chotsa derailleur yonse, fupikitsa tcheni, uyikhazike pa giya imodzi yapakati imene tcheni ikuyenda mowongoka. Apalasa ngati njinga ya agogo, koma afika. Pa njinga ya masipuling'i kumbuyo usayese, tcheni imakoka n'kumasuka pamene sipuling'i ikugwira ntchito. Imeneyo ingokwezani m'pikapu.

Ndiye pokweza m'pikapumo, ngati mwachotsa wilo pa njinga ya mabuleki a mafuta, lowetsa kachidutswa ka katoni pakati pa mapadi. Wina akangofinya buleki wilo kulibe, mapadi amatsekana, ndiye uyambe kulimbana nawo ndi sikuludilaiva anthu akukuyang'ana.

Wa ku Likuni: Mafuta a buleki ndili nawo a galimoto, botolo lathunthu. Ndikubwereke?

Wa ku Joni: Achimwene inu mukufuna kumuphetsa mwanayu lero. Mabuleki a Shimano amadya mafuta akeake a mineral. Mukathiramo mafuta a galimoto aja a DOT timalabala ta m'kati timafufuma, buleki yatha. A SRAM ambiri ndi amene amadya DOT, koma ena atsopano anasinthanso, ndiye werenga pachivindikiro. Kunena zoona, kutchire usatsegule buleki ya mafuta. Fumbi lilowamo. Tenga mapadi apadera a mitundu iwiri itatu imene waona pa njinga zawo, zokwanira.

Wa ku Likuni: Ine ndiye ndangokhala chete tsopano, chilichonse ndikanena ndi mlandu.

Madala a ku Biwi: Usakwiye, za msewu unanena zoona. Tsopano mwana wanga wa ku Mchesi, zonse akuuzazi ndi zabwino, koma taona kuti pafupifupi chilichonse akuti uchione ulendo usanafike. Ndiye bwerera kwa akuluakulu a kalabuwo uwauze kuti Loweruka lotsogolera ulendowo njinga zonse zibwere pamalo amodzi, uziyendere imodziimodzi. Mabawuti a handulo, a chishalo, a keliyala, a moika botolo, chifukwa timabampu tija timamasula chilichonse. Masipoko uwagwire awiriawiri, olobodoka umange. Mapadi, tcheni, matayala ong'aluka m'mbali. Njinga imene mwini wake wakana kubweretsa, uwauziretu kuti ikafa panjira ikwera pikapu, suchedwetsa gulu chifukwa cha iyo. Ndipo tsiku loona njingazo ndi ntchito payokha, alipire padera. Anthu a m'maofesiwa amalipira bwino ukawauza poyamba, ukawauza pambuyo amati sitinagwirizane.

Mayi wa ku Area 25: Masipeya nawonso musawaphatikize ndi malipiro a manja anu. Masiku ano ndi kusowa kwa ndalama zakunja, chubu cha Presta mukachigula lero mwezi wamawa mtengo wasintha. Lembani m'kope chilichonse chimene mwaveka ndi dzina la mwini njinga, pomwepo, asanakwere n'kuthawa. Airtel Money kapena Mpamba azitumiza mukafika pamene pali netiweki.

Pomanga mabawuti pa handulo kapena pachishalo cha carbon, onani nambala yolembedwa pambali, kawirikawiri 5 Nm. Dzanja lozolowera kumanga kotapini lithyola zimenezo. Ine sipanala yoyezera ndili nayo, mudzaitenge, koma ibwere.

Wa ku Zomba: Tcheni musathire oyilo wa injini. Pa fumbi lija amasanduka phala lokhala ndi mchenga, limadya tcheni ndi mano omwe. Pukutani, thirani mafuta opepuka pang'ono, pukutaninso kunja kuume. Mubwereze mukafika kogona.

Wa ku Mchesi: Ndalemba zonse. Machubu a 27.5 ndi a 700, onse Presta yaitali, zigamba ndi sulushoni, zingwe zomatira, botolo la madzi oyera, zidutswa za tayala, zolumikizira tcheni, mapadi, ma Allen key, pulayala, pampu ya geji. Ndawalembera kale a kalabu za Loweruka, tcheyamani wavomera, akuti tikumane pabwalo la sukulu ina. Chatsala n'chimodzi: tayala lopanda chubu likachoka pa limu, pampu yamanja ingalikhazikenso?

Wa ku Joni: Nthawi zina, ukachotsa kamtima ka vavu ndi kupaka madzi a sopo m'mbali, n'kupopa mofulumira. Likakana, pa Loweruka lija pita nalo pa filling station, ugule kadaputala kosinthira Presta kukhala ya galimoto, kompresa ilikhazika kamodzi, umva kuti phaa kawiri. Usapitirire nambala yolembedwa pa tayala. Kutchire usavutike nazo, ika chubu. Uwonjezere Torx T25 pa mndandanda wakowo, mabawuti a ma disc a mabuleki ndi amenewo.

Wa ku Likuni: Mukamadutsa kuno muyimbe. Shedi yanga ili m'mbali mwa msewu, ndikhala nditatsegula kale. Ndili ndi choongolera malimu, ndipo mnyamata wanga atha kukwera nanu m'pikapumo kuti wina azimata machubu wina akuveka. Chakudya chake ndi cha kalabu.

Wa ku Mchesi: Abwere achimwene, koma dililo isale kunyumba. Mayi a ku Area 25, sipanala ija ndidzaitenga Lachinayi madzulo ndikatseka.