Ndalama zili mu akaunti yanga ine mtsibweni wake: kodi viza ya ku UK ituluka?

Mtsibweni_wa_ku_Kapata:

Moni nonse. Ndine wamalonda kuno ku Chipata, ndimagulitsa simenti, malata ndi misomali ku Down Shops, ndiponso ndimalima soya ndi nshawa kumudzi kwathu ku Chadiza. Nkhani yanga ndi ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Atate ake anamwalira iye ali mu giredi 3, ndipo kuchokera pamenepo wamuphunzitsa ndine, kuyambira yunifolomu mpaka digiri yake ya unamwino. Pano ali ndi zaka 27, akugwira ntchito pachipatala china cha boma, ndipo yunivesite ina ya ku Leeds yamupatsa malo oti akachite Masters ya chaka chimodzi pa zaumoyo wa anthu, kuyambira kumapeto kwa Sepitembala. Amuchotserako gawo la fizi, dipoziti tinalipira, yatsala £9,000.

Ndalama tasonkhanitsa. Ndinagulitsa puloti, soya wa chaka chino ndagulitsa yense, ndipo mng'ono wanga wa ku Kitwe anaponyapo zake. Zonse zili mu akaunti ya shopu yanga. Dzulo mwanayo wafika ali ndwii, akuti mnzake wamuuza kuti a ku Britain salandira sitetimenti ya kubanki ya malume pofunsira viza, amafuna ya kholo lomubereka. Zandipweteka mtima kwambiri. Kwathu kuno mwini mbumba ndine, nkhani ya ukwati kaya ya maliro ikabwera amaitana ine. Amayi ake ali kumudzi, alibe akaunti ya kubanki, ndalama zawo zimangodutsa pafoni. Kodi zimenezi n'zoona? Ngati n'zoona tichite bwanji, poti Juni wafika kale pakati? Palinso ejenti wina wa ku Lusaka amene akuti tikamulipira atikonzera mapepala onse a kubanki mlungu umodzi wokha. Thandizeni maganizo.

Naphiri_Sheffield:

Malume, choyamba ndikuthokozeni. Enafe tinaphunzira chifukwa cha atsibweni ngati inu, ndiye ndikumva mmene zakupwetekerani.

Koma mnzake uja wanena zoona. Lamulo lawo limati ndalama zikhale mu akaunti ya wophunzirayo, kapena ya kholo lake, kapena ya womulera amene khoti linamuika, ndipo pepala la kukhoti amalifuna. Mtsibweni, azakhali, mkulu wake, onsewa sawawerengera, ngakhale akhale kuti anamulera kuyambira ali kumsana. Mwana wa zaka 27 simungamupezerenso pepala la khoti loti mukumulera. Akaunti ya shopu ndiye siyiloledwa n'komwe, chifukwa dzina lili pamenepo si lake.

Zimenezi sizikutanthauza kuti ndalama zanu akuzikana. Akungofuna kuti zioneke m'dzina lake. Ndiye zisamutseni zonse zipite mu akaunti ya mphwanuyo, ndipo zikhale momwemo masiku 28 otsatizana. Njira ya amayi ake ndi yaitali: muwatsegulire akaunti, alembe kalata yovomera kuti ndalamazo azigwiritse ntchito mwana, ndiponso pafunika setifiketi yobadwira yosonyeza dzina la amayiwo. Ambirife obadwira kumudzi tili ndi regi yobiriwira ija (chitupa cha unzika cha ku Zambia) ndi khadi la kusikelo basi, setifiketi yobadwira tilibe. Akaunti yake yomwe ndiyo yachidule.

Za kuchuluka kwake: amafuna fizi yotsala ya chaka choyamba, monga yalembedwera pa CAS (chitsimikizo cha malo chochokera ku yunivesite), kuphatikiza ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9. Kuyambira Novembala 2025 amawerengera £1,171 pamwezi kunja kwa London, ndi £1,529 mu London. Leeds ndi kunja, ndiye miyezi 9 ndi £10,539. Mukaphatikiza £9,000 yanu ija ikukwana £19,539. Chiwerengero cha pamwezichi amachikweza nthawi ndi nthawi, choncho mwanayo aone pa gov.uk, webusaiti ya boma la UK, tsiku lomwe mukusamutsa ndalama.

CAS ndi nambala imene yunivesite imatumiza ikatsimikiza kuti malo ndi ake. Popanda iyo fomu ya viza siyidzadzika. Imagwira ntchito kamodzi kokha ndipo imatha mphamvu pakapita miyezi 6. Ikafika aiwerenge bwino, makamaka dzina, nambala ya pasipoti ndi dipoziti imene munalipira. Dipoziti ikapanda kulembedwapo, a viza akhoza kufuna kuti fizi yonse ioneke kubanki.

Mkulu_Tembo_Katete:

Achimwene, ine ndinapuma ntchito ya kubanki ndipo mwana wanga wachiwiri anadutsa njira yomweyi, ndiye ndilankhulepo pa masiku 28 aja, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Iwo sayang'ana ndalama zimene zilimo tsiku lomaliza. Amayang'ana mzere uliwonse wa sitetimenti, ndipo ndalama zikatsika pansi pa zofunikazo ngakhale tsiku limodzi, kuwerenga kumayambiranso. Inu ndinu wamalonda, ndikudziwa mmene zimakhalira: lole ya simenti yafika, mwapereweza pang'ono, mukuti mwana andibwereke ndibweza Lolemba. Musayese. Ngakhale tindalama timene banki imadula mwezi ndi mwezi tikhoza kukutsitsani ngati munaika zokwanira ndendende. Akauntiyo isakhale imene mwanayo amatapamo za ndiwo ndi za magetsi. Khadi lake alisunge m'sutikesi.

Chachiwiri ndi kwacha yathuyi. Mukasunga mu kwacha, iwo amasintha kupita ku mapaundi potsata mtengo wa pa webusaiti ya OANDA wa tsiku limene mwanayo watumiza fomu, osati tsiku limene munaika ndalama. Kwacha ikagwa pakati pa mwezi, ndalama zimene zinali zokwanira pa 1 zikhoza kupereweza pa 28 inu osachotsamo ngwee ndi imodzi yomwe. Ikani zoonjezera ndithu, kapena funsani kubanki za akaunti ya ndalama zakunja m'dzina la mwanayo.

Chachitatu, tsiku lomaliza la pa sitetimenti lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lotumiza fomu. Ndiye musathamangire kukatenga sitetimenti CAS isanafike, ingakalambe m'manja.

Palinso zolipira zina zimene zisachoke mu akaunti imeneyi masiku 28 asanathe. Fizi ya viza mu 2025 inali £524. Ndiye pali ndalama ya zachipatala, £776 pachaka kwa ophunzira, ndipo poti viza ya Masters imapitirira chaka ndi miyezi ingapo, amalipiritsa ya chaka ndi theka, £1,164. Zimalipiridwa pa intaneti ndi khadi, choncho uzani banki isanafike nthawiyo kuti ikweze malire a khadi. Tikiti ya ndege ndi yapadera.

Musataye pepala logulitsira puloti ndi malisiti a soya, ndipo mulembe kalata yachidule yoti ndalamazi mwampatsa mphwanu kuti aphunzirire. Nthawi zina amaitana wophunzira kuti acheze naye pa vidiyo, n'kumufunsa chifukwa chimene wasankhira kosi imeneyo ndi kumene ndalama zachokera. Ayankhe zoona zokhazokha: amalume anga anagulitsa puloti ndi soya. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Mtsibweni_wa_ku_Kapata:

Zikomo a Naphiri, zikomo a Tembo. Mtima wakhalako pansi. Kunena zoona, kuika ndalama zochuluka chonchi m'dzina la mwana kukundipatsa maganizo, osati poti sindimukhulupirira, koma achibale akamva ayamba kumuvutitsa ndi mavuto awo. Ndamuuza kuti nkhaniyi tiidziwe atatu: iye, amayi ake ndi ine. Mawa m'mawa tikupita kubanki limodzi. Nanga za ejenti uja palibe wayankhapo. Komanso mwamuna wake ndi mwana wawo wa zaka 2, angapite nawo?

Nurse_Chisomo_EP:

Malume, ejenti ameneyo muthaweni. Palibe munthu angasandutse mlungu umodzi kukhala masiku 28 popanda kupeka sitetimenti, ndipo a viza amatha kufunsa kubanki. Akapeza kuti pepala ndi labodza, wolangidwa si ejenti, ndi mphwanu: amamukaniza, ndipo akhoza kumutsekera zaka 10. Fomu ili pa gov.uk, namwino wa digiri aidzadza yekha madzulo amodzi. Akakakamira pena, alembere ofesi ya ophunzira akunja ya pa yunivesite yakeyo, amathandiza ulere.

Za banja lake zikundimvetsa chisoni, chifukwa inenso ndine mayi. Kuyambira Januwale 2024, wochita Masters ya m'kalasi saloledwa kutenga mwamuna kapena ana. Amaloledwa ndi a PhD, a maphunziro a kafukufuku, ndi amene akulipiriridwa ndi boma. Ndiye khalani pansi ndi apongozi anuwo panopa, mugwirizane amene asunge mwana chaka chimenechi. Nkhani imeneyi ikasiyidwa mpaka mlungu wonyamuka imabweretsa mkangano m'nyumba.

Chimene sichinatchulidwe ndi kuyezetsa chifuwa chachikulu. Aliyense wochokera ku Zambia wokakhala ku UK miyezi yoposa 6 amayenera kukhala ndi setifiketi ya TB, ndipo ya chipatala chathu kuno, ngakhale chimene iye amagwirako ntchito, siyilandiridwa. Amafuna ya kiliniki imene iwo anaivomereza, ya IOM (bungwe loona za anthu osamukira m'mayiko ena) ku Lusaka. Asungitse tsiku mlungu uno, asadikire kuti masiku 28 athe. Chifukwa chake n'chakuti akaunika pachifuwa n'kuona kachinthu kokayikitsa, amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zimatha kutenga milungu 8. Ife anamwino timakhala ndi odwala chifuwa tsiku ndi tsiku, ndiye si zoti n'kuzengereza nazo. Setifiketiyo imagwira ntchito miyezi 6, choncho kuyezetsa mu Juni sikutaya kanthu.

Ku Lusaka apita kawiri, ulendo wa TB ndi wina wokajambulitsa nkhope ndi zidindo za zala akatumiza fomu. Ndikudziwa kuti Lilongwe ndi pafupi kudzera pa Mwami, koma viza ya maphunziro amafunsira m'dziko limene munthu akukhala. Ndiye ndi basi ya m'bandakucha, Great East Road yonse, Katete, Petauke, Nyimba, kuoloka Luangwa, makilomita oposa 550. Afike dzulo lake agone, asadalire kutsika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity n'kuthamangira nthawi imene anapatsidwa.

Tiyeni tiwerenge. Mukaika ndalama mawa, masiku 28 akwana chapakati pa Julaye. CAS ikakhala itafika, atumize fomu mlungu womwewo, ajambulitse zala Julaye asanathe. Yankho limatenga pafupifupi milungu 3, koma Ogasiti ndi nyengo imene ophunzira a dziko lonse lapansi amafunsira nthawi imodzi, ndiye likhoza kuchedwako. Nthawi ilipo, koma yobwerezera masiku 28 kachiwiri ndi yochepa kwambiri. Tikiti musagule viza isanatuluke.

Ku ntchito apemphe tchuthi cha maphunziro mwa kalata panopa, chifukwa mapepala a m'boma amayenda pang'onopang'ono. Akafika uko aloledwa kugwira ntchito maola 20 pamlungu nthawi ya sukulu, zothandiza pa chakudya ndi basi, koma fizi asaiwerengere pamenepo.

Mkulu_Tembo_Katete:

Kanthu kamodzi ka mawa, achimwene. Pitani ndi regi yanu, ya mwanayo, ndi pepala la puloti lija, chifukwa banki idzafunsa gwero la ndalama zochuluka chonchi zisanalowe. Dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa pasipoti chilembo ndi chilembo. Ngati akauntiyo ili ndi dzina la kwa mwamuna wake pamene pasipoti ili ndi la kwa atate ake, akonzeretu mawa lomwelo. Ndipo tsiku loyamba kuwerenga ndi limene ndalama zaoneka mu akaunti yake, osati limene mwasaina fomu yosamutsira.