Ndani ali ndi pepala la Furchgott la 1953?

Anzanga, ndithandizeni. Ndikuwerenga kafukufuku wa Robert Furchgott pa minofu ya m'mitsempha ya magazi. Pepala la 1980 la mu magazini ya sayansi ya Nature, lomwe analemba ndi Zawadzki, ndili nalo: mankhwala otchedwa acetylcholine amamasula mtsempha waukulu wa kalulu pokhapokha kachikopa kam'kati, endothelium, kasanakhudzulidwe. Ntchito imeneyi ndiyo inam'fikitsa pa Nobel mu 1998.

Chikundivuta ndi cham'mbuyo. Mu 1953, iye ndi Bhadrakom anapeza mankhwala omwewo akukungitsa mtsemphawo. Kodi kadulidwe kawo kozungulira ka mtsemphawo ndiko kankapala kachikopako? Ndikufuna ndiwerenge ndekha mmene ankadulira, osati zongomva.

Amene laibulale yanu ili ndi Journal of Pharmacology and Experimental Therapeutics ya chakacho, chonde ndijambulireni masambawo, ngakhale ndi foni.