Thandizo lathu lingafike bwanji ku Gaza?

Abale ndi alongo, ndigawireniko nzeru. Gulu lathu la amayi lasonkha kandalama koti tithandizire ana a ku Gaza, koma tasowa podzera. Asilikali a Israel atalanda chipata cha Rafah cha m'malire a Gaza ndi Egypt mu May 2024, malole ambiri a chakudya anayamba kudikirira chilolezo pa chipata china cha Kerem Shalom, cha m'malire a Gaza ndi Israel. UNRWA, nthambi ya United Nations yothandiza anthu a ku Palestine othawa kwawo, nayonso inaletsedwa kugwira ntchito m'dziko la Israel kuyambira January 2025.

Ena akuti tipereke ku bungwe lachifundo la Gift of the Givers poti limagwiranso ntchito kuno ku Malawi, ena akuti Red Crescent (Red Cross ya m'mayiko ambiri achisilamu). Ine nkhawa yanga ndi akathyali a pa intaneti, achuluka zedi masiku ano. Alipo amene anatumizapo ndalama n'kulandira umboni woti zinafikadi? Nanga ndi kusowa kwa forex kumeneku, mabanki akulola?