Mwana wa mlongo wanga wa zaka 17 wamangidwa, lamulo latsopano likuti chiyani?

Moni nonse akuluakulu, makamaka inu odziwa malamulo. Ndathedwa nzeru.

Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 17, ali m'chitokosi kuyambira Lolemba. Chibwenzi chake, mtsikana wa zaka 16 amene ali naye Fomu 3, chapezeka ndi pathupi, ndiye makolo ake anakamang'ala kupolisi. Monga malume ake, nkhaniyi yagwera ine.

Tinapita kwa makolowo ndi akuluakulu awiri a kubanja kwathu, koma bambo a mtsikanayo sanatiyalire ngakhale mphasa, tinayankhula chiimire. Amfumu akuti milandu yotere saweruza. Kupolisi ndapitako kawiri, angonditchulira gawo 138 la Penal Code (lamulo la milandu), loletsa kugonana ndi mwana wamkazi, n'kunena kuti tikumana kukhoti. Loya amene ndinamupeza akufuna ndalama zoti ndingachite kugulitsa munda.

Zomwe ndikudziwa n'zakuti kale malire a msinkhu wa mtsikana pa mlandu umenewu anali zaka 16, ndipo aphungu ku Nyumba ya Malamulo anawakweza kufika 18 m'lamulo la 2023, kutsatira Konsitityushoni imene kuyambira 2017 imati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Lamulo lomweli limateteza mnyamata amene naye ndi mwana, ngati anagwirizana komanso sakusiyana zaka zoposa ziwiri. Awa akusiyana miyezi 11 yokha. Sindikuikira kumbuyo zimene anachita, mlongo wanga sakudya n'komwe.

Kodi mfundo imeneyi tingaiuze apolisi panopa, kapena mpaka kukhoti la ana? Buku la kusikelo lingakwanire kutsimikizira zaka zake, poti satifiketi yakubadwa alibe? Nanga ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipite ndi mapepala anji?