Ndilowe pa app kapena ndikakamire makasitomala anga akale?

Admin ndibisireni dzina. Akuluakulu amene muli kuno ku Joni ndithandizeni nzeru. Ndinabwera 2011, kuyambira nthawi imeneyo ndimayendetsa metered taxi ya bwana wina, timaima pa siteshoni ya sitima ya Gautrain ku Sandton. Kale munthu akatsika sitima ankangolowa galimoto imene ili kutsogolo pa mzere, mita nkumawerenga basi. Uber itafika 2013 tinkaseka kuti ndani angaitane galimoto pa foni, kenako inabwera Taxify ija pano ikutchedwa Bolt, kenako inDrive yoti kasitomala amanenerera mtengo ngati akugula tomato mumsika wa Limbe. Lero ndimatha kukhala pa rank mpaka dzuwa paliwombo osanyamula ngakhale mmodzi, anthu akutidutsa maso ali pa foni kudikira yawo.

Chikundisunga ndi makasitomala akale, amayi ena achikulire owatengera kuchipatala ndi ana awiri a sukulu, amenewa amandiimbira okha. Koma ndalama yake siikwana lendi ndi yotumiza ku Mangochi. PrDP, chilolezo chija cha dilaiva wonyamula anthu olipira, ndili nayo, mapepala ali bhobho. Chikundiopsa nchoti pa app mtengo sumapanga iwe, akuti makompyuta awo amaona kuti anthu angati akuitana dera limenelo, magalimoto alipo angati, msewu wadzaza bwanji, nkukuuza kuti ulendowu ndi wa zakuti. Ndiye ine ndidzadziwa bwanji kuti ndikupindula? Amene muli mkatimo ndiuzeni zoona, osati zokometsera.

Mayankho

Wa ku Randburg: Madala lowani koma akalewo musawataye. Pa app kasitomala si wanu, ukamutsitsa zathera pompo, mawa foni imupatsa dilaiva wina. Nambala yake, komwe amakhala, nthawi imene amapita kuntchito, zonsezo amadziwa ndi a kampani, inu mumangoona dontho pa mapu.

Mlongo wanu wa ku Cape Town: Amuna anga amayendetsa. Mvula ikagwa kapena mpira ukatha mtengo umakwera chifukwa oitana achuluka kuposa magalimoto, pamenepo ndiye pali ndalama. Koma nawonso madilaiva onse amathamangira komweko, mukachuluka mtengo nkutsikanso musanafike nkomwe kkkk. Muziwerengera mafuta, commission ndi ya mwini galimoto sabata iliyonse musanasangalale ndi zimene zikuoneka pa foni.

Mfana wa njinga: Gulani njinga yamoto mulowe zoperekera katundu. Checkers Sixty60, app yogulira zinthu ku sitolo ya Checkers nkukubweretserani kunyumba, inayamba 2019 koma onani mmene njinga zija zadzadzira mumsewu, anthu anasiya kukankha trolley.

Wa ku Randburg: Aise munthu wamkulu ngati ameneyu umukweze njinga pa msewu wa Winnie Mandela, uja kale unali William Nicol, mvula ikugwa? Ulemu pang'ono.

Wa ku Pretoria: Chimene sanakuuzeni ndi nyenyezi. Kasitomala aliyense amakupatsani mamakisi, zikatsika kwambiri akaunti amatha kuitseka, ndipo palibe bwana woti mukamugwadire ngati pa rank. Galimoto izikhala yoyera, nyimbo za kwathu muchepetse.

Mwini funso: Zikomo nonse. Zanjingazo ayi, mawondo anakana kale. Mlongo wa ku Cape Town, bambo akunyumbawo galimoto ndi yawo kapena amalipira pa sabata? Bwana wanga akuti ndikalowa pa app azilandira yake Lolemba lililonse kaya ndanyamula kaya ayi, ndiye ndisanavomere ndimafuna ndimve kaye kwa amene akulipira choncho.