Ndikufuna mapodikasiti omvera pa ulendo, opanda ndale za progressive

Dalaivala wa pa I-80 analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndimakhala ku Indiana, kuno ku America, ndipo ntchito yanga ndi yoyendetsa thiraki yonyamula katundu kupita kumadzulo, makamaka pa msewu wa I-80 wodutsa ku Iowa, Nebraska ndi Wyoming. Lamulo la kuno limalola dalaivala kugwira chiwongolero mpaka maola 11 pa tsiku, ndipo nthawi yonseyo wondichezetsa amakhala podikasiti basi.

Vuto langa ndi lakuti mapulogalamu angapo amene ndinkawakonda, ena a sayansi, ena ofotokoza za moyo wa anthu wamba, akhala akusintha pang'onopang'ono, moti nkhani iliyonse, ngakhale ya chakudya kapena ya mpira, imakathera ku ndale zimene kuno amati za progressive, zokhudza mtundu wa khungu, jenda ndi banja, ndipo amazikamba ngati aliyense wanzeru anagwirizana nazo kale. Anthu a maganizo amenewo sindidana nawo, ena ndimagwira nawo ntchito ndipo timadyera pamodzi, koma ine ndinakulira mu mpingo wa CCAP ndipo pali zinthu zimene sindingazione monga amazionera iwo. Chimene chanditopetsa ndi kulalikiridwa pamene ndabwera kudzaphunzira. Chonde ndithandizeni ndi mayina a mapodikasiti a Chingerezi amene munthu angamvere tsiku lonse popanda zimenezi. Ndimakonda mbiri yakale, zachuma ndi za Mulungu.

Namwino wa ku Leeds anayankha:

Achimwene, ngati mumakonda mbiri yakale ndiye mwapeza kale, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli mapodikasiti ataliatali oyenera ntchito yanu. Yambani ndi Hardcore History ya Dan Carlin, imene inayamba mu 2006. Bambo ameneyu sanena kuti ndi katswiri wa mbiri, koma amawerenga mabuku ambiri n'kufotokoza ngati agogo pa moto, ndipo gawo limodzi limatha kutenga maola anayi kapena kuposa. Nkhani yake ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, yotchedwa Blueprint for Armageddon, ili ndi magawo 6 ndipo yonse pamodzi imapitirira maola 20, kutanthauza masiku awiri athunthu a pa msewu. Ine inandiliza pamene ankafotokoza za asilikali a ku Verdun mu 1916. Dziwani kuti magawo atsopano ndi aulere, koma akale amawagulitsa pa webusaiti yake.

Ina ndi The History of Rome ya Mike Duncan, imene anaijambula kuchokera mu 2007 mpaka 2012, magawo 179, kuyambira pa chiyambi cha mzinda wa Roma kufikira kugwa kwa ufumu wa kumadzulo m'chaka cha 476. Magawo oyambirira mawu samveka bwino kwenikweni, koma mukapirira mudzazolowera. Imene ndimamvera kwambiri pobwerera ku ntchito ya usiku ndi The Rest Is History ya Tom Holland ndi Dominic Sandbrook, imene inayamba mu 2020. Awiriwa amaseka kwambiri, koma amayesetsa kumvetsa anthu akale malinga ndi nthawi yawo m'malo mowaweruza ndi muyeso wa lero, ndipo ndikuganiza kuti chimenecho ndicho mukuchisowa. Mu nkhani yawo ya kugwa kwa ufumu wa Aztec ku Mexico m'manja mwa Hernán Cortés sanabise nkhanza za mbali iliyonse. Holland amakondanso kunena kuti maganizo ambiri a anthu a ku Ulaya, ngakhale a osapemphera, anachokera ku Chikhristu, zimene mwina zingakusangalatseni.

Mphunzitsi wopuma ku Maryland anayankha:

Bambo, funso lanu lili ndi mafunso awiri mkati mwake, ndipo ndi bwino kuwalekanitsa musanadzaze foni. Kufuna podikasiti yopanda ndale n'kosiyana ndi kufuna podikasiti ya ndale za mbali inayo. Ndikunena izi chifukwa ine ndinasokoneza ziwirizi. Nditatopa monga mwatopera inumu, ndinathamangira ku mapulogalamu a tsiku ndi tsiku a mbali ya conservative (yofuna kusunga miyambo yakale, yotsutsana ndi progressive), aja okamba nkhani za lero mokwiya, ndipo patatha miyezi ingapo ndinazindikira kuti ndale za progressive ndikuzimva kuposa kale, popeza ntchito ya mapulogalamuwo ndi kutola chilichonse chimene a mbali inayo anena n'kumachitsutsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndinkafika pakhomo mtima uli m'mwamba. Palinso chinthu china chimene ife obwera tiyenera kuchidziwa: ena mwa oulutsa amenewa akafika pa nkhani ya anthu ochokera kunja amalankhula mawu oti munthu wa ku Africa kuno sangawamve mtima uli m'malo, ngakhale ali ndi mapepala onse.

Kudandaula kwanu si kwa inu nokha. Mu Epulo 2024, Uri Berliner, mkonzi amene anagwira ntchito ku wailesi ya NPR kwa zaka 25, analemba nkhani mu The Free Press yonena kuti wailesiyo yapendekera mbali imodzi ndipo yataya chikhulupiriro cha omvera ambiri. Akuluakulu ake anatsutsa, ndipo pasanathe masabata awiri iye anasiya ntchito. Choncho nkhaniyi imakambidwa ngakhale pakati pa atolankhani eniake.

Pa zachuma ndikukulimbikitsani EconTalk ya Russ Roberts, imene yakhala ikutuluka sabata iliyonse kuyambira 2006. Roberts amakhulupirira msika womasuka ndipo sabisa, koma amaitana alendo otsutsana naye, amawasiya amalize mfundo yawo, ndipo kawirikawiri amavomera kuti pena pake sakudziwa. Khalidwe limenelo ndi losowa masiku ano. Kenako pali Uncommon Knowledge ya Peter Robinson wa ku Hoover Institution, pa yunivesite ya Stanford, yemwe kale ankalembera pulezidenti Ronald Reagan zokamba. Funafunani makamaka magawo amene amacheza ndi Thomas Sowell, katswiri wa zachuma wakuda wobadwa mu 1930, amene amafotokoza za mitengo, malipiro ndi umphawi m'mawu oti aliyense angamve. Pa nkhani ya khungu imene mwaitchula, simungaipewe kotheratu mukukhala m'dziko lino, ndiye ndi bwino kuimva kwa anthu oikamba mofatsa. The Glenn Show ya Glenn Loury, amene anakulira ku South Side ya Chicago n'kudzakhala pulofesa wa zachuma ku Harvard kenako ku Brown, ndi yothandiza, makamaka akamacheza ndi John McWhorter, katswiri wa zilankhulo wa ku Columbia. Onse awiri ndi akuda, onse amatsutsa zambiri za progressive pa nkhani ya mtundu, komabe pa chisankho ndi pa Donald Trump akhala akusiyana poyera popanda kunyozana.

Ngati mungafune nkhani za ndale zenizeni koma zopanda phokoso, The Dispatch, imene Jonah Goldberg ndi Steve Hayes anaiyambitsa mu 2019, ili ndi mapodikasiti angapo, ndipo Advisory Opinions imafotokoza milandu ya ku Supreme Court, khoti lalikulu la ku America, bwino lomwe. Iwowa ndi a conservative koma amadzudzula Trump nthawi zambiri, ndiye mudziwiretu.

Mkulu wa mpingo wa ku Johannesburg anayankha:

Mbale wanga mwa Ambuye, popeza mwati ndinu wa CCAP, Renewing Your Mind ya Ligonier Ministries ikuyenerani. Ambiri mwa maphunziro ake ndi a malemu R.C. Sproul, m'busa wa Presbyterian amene anamwalira mu 2017, ndipo chiphunzitso chake ndi chomwe chija cha katekisimu amene tinaloweza m'kalasi, chongofotokozedwa mozama. Gawo lililonse silikwana theka la ola. Pa nkhani za tsiku, The Briefing ya Albert Mohler, mtsogoleri wa Southern Baptist Theological Seminary ku Louisville, imatenga zimene manyuzipepala akuluakulu alemba n'kuziunika ndi maso a Chikhristu. Ndivomereze kuti imeneyi ndi ya ndale ndithu, ndipo chenjezo la aphunzitsi pamwambapa likuikhudza, kungoti Mohler sakalipa. Palinso The Bible in a Year ya Bambo Mike Schmitz, wansembe wa Katolika wa ku Minnesota, imene inayamba mu Januwale 2021 n'kufika pa nambala 1 pa Apple Podcasts ku America. Magawo ake ndi 365, ndipo amawerenga Baibulo lonse motsata nthawi ya zochitika. Muli mabuku ena amene sali m'Baibulo lathu la Chiprotestanti, monga Tobiti ndi Amakabeo, koma ine ndinamvera mpaka kumapeto ndipo ndinapindula.

Wophunzira wa ku Zomba anayankha:

Pepani akuluakulu, ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono. Palibe wofotokoza mbiri amene alibe mbali. Mike Duncan amene mayi amutchula, mu podikasiti yake yachiwiri ya Revolutions, yokamba za anthu oukira maboma, makamaka pa nkhani ya Haiti ndi ya Russia, amaonetsa chifundo chachikulu kwa akapolo ndi antchito oponderezedwa, ndipo ena amati wapendekera kumanzere. Ine ndikuona kuti magawo a Haiti ndi ofunika kwa munthu wakuda aliyense, ndipo zingakhale zachisoni kuwadumpha poopa dzina la progressive. Ukapolo ndi utsamunda zinachitikadi, ngakhale kwathu kuno ku Nkhotakota ndi ku Karonga, ndipo kuzikamba si ndale za chipani. Ngati chimene mukufuna ndi akatswiri okamba mfundo zokhazokha, yesani In Our Time ya BBC Radio 4, imene Melvyn Bragg anaiyamba mu 1998: akatswiri atatu, mutu umodzi, mphindi pafupifupi 45, ndipo magawo ake anapitirira 1,000.

Dalaivala wa pa I-80 anayankhanso:

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, mwalasa penipeni, chifukwa ndinali nditayamba kale kumvera pulogalamu ina yokalipa ya m'mawa uliwonse, ndipo akazi anga anandifunsa chimene chikundikwiyitsa masiku ano. Ndaichotsa. Mng'ono wanga wa ku Zomba, ndakumvani, ndipo sindikuthawa mbiri ya ukapolo. Chimene ndimakana ndi kuuzidwa chipani choti ndivotere nkhaniyo ikatha. Magawo a Haiti ndiwamvera. Lolemba ndikunyamuka ndi katundu wa ku Salt Lake City, ndipo popeza netiweki imadukaduka m'madera ena a ku Wyoming, ndasungiratu mu foni magawo 30 oyamba a Roma, awiri a Sowell ndi sabata imodzi ya Sproul. Mayi a ku Leeds, kodi magawo akale a Carlin mukagula pa webusaiti amalowa mu pulogalamu ya podikasiti ya pa foni, kapena munthu amayenera kuyamba wawakopera pa kompyuta?