Chikuto cha magazini ya Dedza: chofiira chikulimbana ndi chobiriwira

A Phiri, Dedza boma:
Akuluakulu anzanga, ndithandizeni msanga chifukwa fayilo ikufunika kwa osindikiza ku Lilongwe Lachisanu. Ndikukonza chikuto cha magazini ya A4 yokopa alendo kuti adzaone boma lathu lino, ndipo chithunzi chachikulu ndi cha zojambula zofiira za Akafula pamiyala ya ku Chongoni. Komiti yakakamira kuti dzina la magazini likhale lofiira pamwamba pa chobiriwira potengera mbendera, kuonjezera apo mitu 6, ma logo 4 ndi mawu akuti malowa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Pa sikirini zimaoneka bwino, koma nditangosinthira ku CMYK (mitundu inayi ya inki yosindikizira) chobiriwira chazilala, dzina likuphimba zojambulazo, ndipo zangotsala ngati madontho a dzimbiri. Mutu waima, ndiyambire pati?

A Gama, Ntcheu:
Achimwene, chotsani chobiriwiracho. Mitundu iwiriyi ikalemera mofanana diso silipeza malire ake, ndipo pali anthu ena amene maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Yesani kuona chikutocho mu grayscale (chakuda, chotuwa ndi choyera basi), mupeza kuti dzina lasoweratu. Siyani mpata woyera pamwamba.

Mayi Nachisale, Lizulu:
Tisanafike pa mitundu, bambo Phiri, chithunzicho mwachilandira bwanji? Ngati chadzera pa WhatsApp musachikhulupirire, chifukwa amachifinya. A4 yokhala ndi bleed (malo oonjezera m'mphepete odzadulidwa) ya 3 mm imakhala 216 mm ndi 303 mm, ndipo pa 300 dpi (madontho pa inchi) imafuna mapikiselo pafupifupi 2550 ndi 3580. Chachiwiri, musalole kuti osindikiza asinthe okha RGB (mitundu ya pa sikirini) kupita ku CMYK. Ndinakonzapo chikuto cha gulu lina la alimi a kachewere ku Tsangano, ndipo wapampando wawo anatenga fayilo yongoonetsera n'kupita nayo yekha kwa osindikiza ine osadziwa. Mbatata inatuluka yobiriwira ngati yagonera padzuwa, alimi anakana kugawa magaziniwo ponena kuti akunyozetsa mbewu yawo, ndipo makatoni anangokhala pakona mu ofesi mpaka chiswe chinawapeza.

A Kamwendo, woyendetsa makina osindikizira a offset:
Ife a kumakina timalira ndi inki. Ngati muikapo mzere wakuda wa mbendera, inki zonse zinayi pamodzi zisadutse 300% pa pepala lonyezimira, apo ayi mapepala amamatirirana asanaume ndipo kumbuyo kumadetsedwa. Chakuda chosakaniza inki zinayizo (C60 M40 Y40 K100) n'chokwanira pamalo aakulu, koma zilembo zing'onozing'ono zikhale K100 yokha (inki yakuda basi). Chenjeraninso ndi tizilembo toyera pamwamba pa mitundu inayi, chifukwa mapuleti akangosemphana pang'ono timakhala ndi mthunzi. Ma logo asayandikire m'mphepete kuposa 5 mm, mpeni sumvera munthu. Kodi lamination (kapulasitiki kokutira chikuto) yake ndi matte (yosawala) kapena gloss (yonyezimira)? Matte imazimitsa chofiira.

A Phiri, Dedza boma:
Zikomo nonse. Chithunzi ndinatenga pa kamera penipeni, mayi, ndipo n'chachikulu mokwanira. Vuto ndi komiti: akuti chobiriwira sichichoka chifukwa chikuimiranso nkhalango ya Chongoni. Za lamination sanandiuzebe.

A Gama, Ntcheu:
Komiti siidziwa inki, achimwene. Ntchito yanu ndi kuwauza kuti chobiriwiracho chichoke. Magazini ikatuluka yoipa sadzatchula komiti, adzatchula inu.

Mayi Nachisale, Lizulu:
Bambo Gama, kasitomala sitimuthamangitsa ndi mawu otero. Maganizo anga ndi akuti mitundu itengedwe pa chithunzi chomwecho: tengani chotuwa chakuda cha thanthwe ndi eyedropper (chida chotolera mtundu pa kompyuta) chikhale kumbuyo, dzina likhale loyera ndi lalikulu, ndipo chofiira chisiyidwe kwa zojambula zokha kuti diso liyambire pamenepo. Chobiriwira chitsike pansi, chikhale kamzere konyamula ma logo, poteropo mbendera ilipobe. Mitu 6 ndi yambiri, umodzi ukule, itatu ichepe, yotsalayo ilowe m'kati. Koposa zonse, musatumize kanthu wapampando asanasaine proof (chitsanzo chosindikizidwa) ya papepala, chifukwa pa foni aliyense amaona mtundu wakewake.

A Gama, Ntcheu:
Ngakhale kamzereko sikofunika. Mukawapatsa kamzere, mawa adzati kakule.

A Kamwendo:
Pa nkhani ya proof, mayi anena zoona, koma muonjezere kuti proof ya makina a digital si yofanana ndi ya offset, ndipo muwauze a komiti zimenezi asanasaine. Tinasindikizapo kalendala ya mpingo wina, yunifolomu ya amayi inatuluka yoderako pang'ono poyerekeza ndi proof, ndipo ndalama yotsala anaigwira mpaka chaka chinatha. Bambo Phiri, osindikiza anuwo akufuna PDF/X-1a (PDF yokonzedwera osindikiza) kapena fayilo ya CorelDRAW? Ngati ndi ya Corel, zilembo zonse muzisandutse ma curves (zikhale ngati zojambula, osati zolemba).

A Gama, Ntcheu:
Zonsezo n'zabwino, koma chobiriwiracho chichoke kaye.